MOHAMED AMIN: WOJAMBULA AMENE ANAULULA NJALA YOBISIKA

Njala iri ndi khalidwe limodzi limene munthu aliyense wokulira kumudzi amalidziwa: imalowa mwakacetecete. Nkhokwe ikapepuka mwini nyumba safulumira kuuza anthu. Moto umayamba kuzima pa mafuwa, mai amaphika mango osakhwima, ana amagonekedwa dzuwa likangolowa, koma mlendo akafunsa za moyo amayankhidwa kuti onse ali bwino. Mudzi ungathe kufika poika maliro tsiku ndi tsiku anthu a ku Boma asanamve kanthu. Zimene zimacitika pa khomo limodzi zimacitikanso m'dziko lathunthu, makamaka pamene olamulira aona kuti njala ya anthu ao iwacititsa manyazi pamaso pa maiko ena.

Mbiri ya sabata ino ndi ya munthu amene anathera moyo wake wonse pa nchito yoika poyera mabvuto otere. Amenewa ndi malemu Bambo Mohamed Amin, mbadwa ya dziko la Kenya. Iwo sanali dotolo, sanali nduna ya boma, ndiponso sanali mwini cuma. Cida cao cinali kamera. Koma zithunzi zimene anajambula ku Ethiopia m'caka ca 1984 zinacititsa kuti zombo ndi ndeke zodzaza ndi cakudya zilunjike kwa anthu amene dziko lapansi linali litawaiwala.

UBWANA WAO

Bambo Amin anabadwa pa 29 Ogasiti, 1943, ku Eastleigh, dera lina la mzinda wa Nairobi. Atate ao, a Sardar Mohamed, anacokera ku Punjab m'dziko la India, ndipo anali kugwira nchito ku kampani ya njanji ya kum'mawa kwa Africa. Mohamed akali wamng'ono, banja lonse linasamukira ku Dar es Salaam, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja yamcere kumene lero kumathera njanji ya TAZARA yocokera ku Kapiri Mposhi. Kumeneko ndiko mwanayo anakulira ndi kuphunzira sukulu.

Ali ndi zaka 11 anagula kamera yakale ya mtundu wa Box Brownie pa mtengo wa masheleni 40. Kanali kabokosi wamba kokhala ndi diso limodzi lagalasi. Masiku amenewo cithunzi sicinali kuoneka pompo monga zikhalira ndi mafoni a lero. Wojambula anayenera kutenga filimu, kulowa nayo m'cipinda ca mdima wa ndiweyani, kuitsuka m'mankhwala, kuiyanika, kenaka ndi kusindikiza pa pepala. Kuwala pang'ono kukalowa, nchito yonse inali kuonongeka. Mnyamatayo anaphunzira zonsezi m'kagulu ka ojambula ka pa sukulu pao, ndipo asanacoke pa sukulupo anali atayamba kale kugulitsa zithunzi ku manyuzipepa.

Atakwanitsa zaka 19 anasiya sukulu, ndipo m'caka ca 1963 anatsegula kampani yao ya Camerapix mu Dar es Salaam momwemo. Inali nyengo ya ufulu. Tanganyika anadzilamulira mu 1961, Uganda mu 1962, Kenya mu 1963, Malawi ndi Zambia mu 1964. Nkhani za mu Africa zinali kufunidwa kwambiri ku maiko a kutsidya kwa nyanja, koma ozijambula ambiri anali alendo obwera sabata imodzi ndi kubwerera kwao. Bambo Amin anali mwana wa pakhomo. Ciswahili cinali pa lilime, njira anali kuzidziwa, ndipo anali ndi abwenzi m'maofesi ndi m'mabwalo a ndeke. Popeza anali kujambulira manyuzipepa ndi nyumba za wailesi ya kanema pa nthawi imodzi, anali kuyenda atakoleka makamera ambiri m'khosi ndi m'mapewa, kotero kuti anzao anawapatsa dzina loseka lakuti Mo wa makamera 6.

NDENDE NDI ZIPOLOPOLO

Nchito yoonetsa zimene akulu-akulu afuna kubisa siicedwa kudzetsa adani. Mu Januwale 1964 mfumu ya pa cilumba ca Zanzibar inacotsedwa pa mpando, ndipo Bambo Amin anaoloka nyanja kukajambula zocitikazo. Pambuyo pake anajambulanso misasa kumene asirikali a boma latsopano anali kuphunzitsidwa ndi akatswiri a maiko akunja, cinthu cimene bomalo silinafune kuti cidziwike. M'caka ca 1966 anagwidwa pa cilumbapo, natsekeredwa m'ndende ya Kilimamigu pafupi-fupi mwezi wathunthu, kumene anazunzidwa kolimba. Anaturuka ataonda, koma kamera sanaitaye. Anasamutsira likulu la kampani yao ku Nairobi napitiriza nchito.

Pa 5 Julayi, 1969, nduna yochuka ya dziko la Kenya, Bambo Tom Mboya, inaomberedwa ndi mfuti poturuka m'sitolo ya mankhwala pa msewu wa Government Road mu Nairobi. Bambo Amin anafika pa malopo patangopita mphindi zocepa, najambula pamene ndunayo inali kunyamulidwa kupita ku cipatala. Zithunzi zimenezo zinaoneka m'maiko ambiri, ndipo zinawapezetsa mphoto ya ku Britain ya wojambula wopambana onse wa wailesi ya kanema m'caka cimeneco.

Mu Januwale 1971 Idi Amin analanda boma la Uganda. Anthu awiriwa sanali pa cibale konse. Dzina lokha ndilo linali lofanana. Koma dzinalo linatsegulira wojambulayo zitseko zimene zinali zotseka kwa atolankhani ena, ndipo kwa zaka 8 iwo anali kulowa ndi kuturuka mu Uganda. Anajambula maphwando ndi maperete a mtsogoleri wankhanzayo, ndipo pamene asirikali a Tanzania analowa mu Kampala mu Epulo 1979, anajambulanso zoopsa zimene ulamulirowo unasiya m'mbuyo. M'caka ca 1980 iwo pamodzi ndi mtolankhani wa BBC, Bambo Brian Barron, anamulondola Idi Amin mpaka ku Jeddah m'dziko la Saudi Arabia, kumene anali kubisala.

Pofika caka ca 1984 Bambo Amin anali mkulu wa ofesi ya ku Nairobi ya Visnews, kampani ya ku London yogulitsa zithunzi zoyenda ku nyumba za wailesi ya kanema za maiko ambiri. Ici ncofunika kucikumbukira: cimene iwo ajambula sicinali kuthera m'dziko limodzi, koma cinali kugawidwa ku nyumba zoulutsira mazana-mazana.

NJALA YA KU ETHIOPIA

Ethiopia ndi dziko la mapiri atali-atali kumpoto cakum'mawa kwa Africa, ndipo likulu lake, Addis Ababa, ndi kumene atsogoleri a maiko a mu Africa amasonkhana. Alimi a kumpoto kwa dzikolo amalima ndi ng'ombe zapagoli, ndipo mbeu zao ndi mapira, tirigu, balere ndi kambeu kang'ono-ng'ono kochedwa tefu. Njala si mlendo kumeneko. Mu 1973 inapha anthu ambiri-mbiri m'cigawo ca Wollo, boma la Mfumu Haile Selassie liri cete. Pamene mtolankhani wa ku Britain, Bambo Jonathan Dimbleby, anaonetsa kanema ya njalayo, mkwiyo wa anthu unakula, ndipo mu Seputembala 1974 asirikali anacotsa mfumuyo pa mpando.

Asirikali amene analowa m'boma, motsogozedwa pambuyo pake ndi Mengistu Haile Mariam, anali kudziwa bwino lomwe zimene cithunzi ca njala cingacite kwa wolamulira. Tsono pamene mvula inakana kugwa mu 1983 ndi 1984 m'zigawo za Tigray, Wollo ndi Eritrea, iwo sanafune maso a alendo kumeneko. Ndiponso cilala sicinali cokha. M'zigawo zomwezo munali nkhondo pakati pa boma ndi magulu oukira boma. Minda inali kuochedwa, misika inali kuphulitsidwa ndi ndeke zankhondo, njira za amalonda zinali zotseka, ndipo alimi anali kukakamizidwa kugulitsa dzinthu zao ku boma pa mtengo wotsika. Mlimi amene kale akadapulumuka pogulitsa mbuzi kapena popita kukagwira ganyu kwina, tsopano analibe kothawira. Anthu anagulitsa ng'ombe zapagoli, anadya mbeu zosungira kubzala, ndipo potsiriza anatseka zitseko za nyumba zao nayamba ulendo wapansi wopita ku matauni a m'mbali mwa msewu waukuru.

Bungwe la boma loona za cithandizo linapempha cakudya ku maiko akunja mu Malichi 1984, koma yankho linali locepa zedi. Maiko olemera a kumadzulo sanali kukondwera ndi boma la Mengistu cifukwa linali pa ubwenzi ndi Soviet Union, ndipo ziwerengero zolembedwa pa pepala sizinagwedeze mtima wa munthu. Bomalo nalonso linali lotangwanika ndi kukonza cikondwerero ca zaka 10 za ulamuliro wake, cimene cinacitika mu Seputembala 1984 ndi kudya ndalama zambiri-mbiri. Kufikira phwandolo litatha, atolankhani akunja sanaloledwe kupita kumpoto.

M'MAWA WA KU KOREM

Bambo Amin anali atamva za njalayo miyezi yambiri m'mbuyomo, ndipo anacita khama losaneneka kupempha cilolezo m'maofesi a mu Addis Ababa. Pakati pa mwezi wa Okutobala cilolezo cinapezeka. Iwo pamodzi ndi atolankhani awiri a BBC, Bambo Michael Buerk a wailesi ya kanema ndi Bambo Mike Wooldridge a wailesi ya mau, anakwera kandeke kakang'ono ka bungwe la World Vision nalowera kumpoto.

Ku tauni ya Mekelle anapeza namwino wa Red Cross, Mai Claire Bertschinger, amene anali ndi nchito yowawitsa mtima. Pa malo ao odyetsera ana panali kupezeka mpata wa ana 60 kapena 70 okha, pamene ana odikira kunja anali oposa 1,000. Namwinoyo anali kuyenda m'mizere ndi kuika cizindikiro ca inki pa ana amene wasankha, akudziwa kuti ambiri mwa otsalawo sakhalitsa ndi moyo.

Koma zoopsa kopambana zinali ku Korem, tauni ya pamwamba pa mapiri kumene usiku kumazizira koopsa. Pa cigwa ca kunja kwa tauniyo panali anthu zikwi makumi-makumi, ambiri a iwo ogona pa mtetete, ena m'maenje okumba ndi manja, atafunda nsanza. Mabungwe a Save the Children ndi Médecins Sans Frontières anali pomwepo, koma cakudya ndi mankhwala zinali zosakwanira mpang'ono pomwe. Munthu mmodzi anali kumwalira pa mphindi 20 ziri zonse.

Bambo Amin anayamba kujambula m'bandakuca, pamene nkhungu ndi utsi zinali zikali pa cigwaco. Sanathamange nayo kamera. Anali kuima pa nkhope ya munthu mmodzi nthawi yokwanira kuti woona aizindikire kuti ndi nkhope ya mai, ya gogo, ya mwana wa munthu. Anajambula mitembo ya omwalira usiku itakulungidwa m'masaka ndi kundandalikidwa pa mzere, abale akulira pambali. Anajambula khamu la anthu ofooka likuyesa kuthamanga cifukwa ca mphekesera yakuti kwafika cakudya. Anajambula kamwana kakutsirizika pamaso pa akulu amene analibe cocita. Makina ogwira mau anatola kubuula kwa cigwa conse. Matepi aja anawanyamula kupita nao ku Nairobi, ndipo kucokera kumeneko anauluka mpaka ku London.

DZIKO LAPANSI LIDZIDZIMUKA

Pa 23 Okutobala, 1984, BBC inaonetsa nkhaniyo, zithunzi za Bambo Amin ndi mau a Bambo Buerk. Inatenga mphindi pafupi-fupi 7, nthawi yaitali kwambiri pa nkhani imodzi ya pa wailesi ya kanema. Tsiku lomwelo nyumba ya NBC inaionetsa ku America, ndipo m'masiku otsatira nyumba zoulutsira 425 za maiko osiyana-siyana zinaionetsanso.

Zimene makalata a maofesi analephera kucita m'miyezi 7, zithunzi zinacita m'masiku owerengeka. Mafoni a mabungwe acifundo anali kulira usana ndi usiku. Ana a sukulu, machalichi, anchito a m'mafakitale ndi nkhalamba za pa penshoni anayamba kusonkha ndalama. Maboma amene anali kuzengereza anacita manyazi ndi anthu ao omwe. Kuciyambi kwa Novembala ndeke zankhondo za Britain za mtundu wa Hercules zinafika ku Addis Ababa kudzanyamula cakudya. Kumene kunalibe misewu, ndekezo zinali kuuluka cam'munsi kwambiri ndi kugwetsa matumba pansi. Zinagwira nchito imeneyi kufikira Disembala 1985, ndipo zinanyamula matani oposa 30,000. Maiko ena, a kumadzulo ndi a kum'mawa omwe, anatumizanso ndeke ndi magalimoto, ndipo zombo za tirigu zinali kukocheza pa doko la Assab.

Mmodzi mwa anthu amene anaona nkhaniyo ku London anali woimba wa ku Ireland, Bambo Bob Geldof. Iwo pamodzi ndi mnzao Bambo Midge Ure anasonkhanitsa oimba ochuka a ku Britain ndi Ireland m'gulu la Band Aid, ndipo pa 25 Novembala, 1984, anajambula nyimbo imene inapindula mapaundi 8 miliyoni. Ku America, Bambo Harry Belafonte anayambitsa nchito yofanana nayo, ndipo oimba monga Michael Jackson ndi Lionel Richie anaturutsa nyimbo yao kuciyambi kwa 1985, imene inapeza madola oposa 60 miliyoni. Pa 13 Julayi, 1985, kunacitika maimbidwe aakuru a Live Aid pa mabwalo awiri nthawi imodzi, la Wembley ku London ndi lina ku Philadelphia, ndipo anthu a m'maiko oposa 100 anaonerera. Zonsezi zinaphuka pa matepi aja a ku Korem.

Bambo Amin sanakhutire ndi kuchuka. Anabwerera ku Ethiopia kawiri-kawiri, ndipo mu 1985 anaturutsa kanema ina yochedwa African Calvary, yokumbutsa anthu kuti njala inali isanathe ndi kuti inali itakhudzanso maiko ena a mu Africa.

ZIMENE CITHUNZI SICINATHE KUCITA

Mbiri yoona iyenera kuchulanso mbali yowawa. Cithandizo cinafika mocedwa kwa anthu ambiri. Ofufuza amasiyana pa ciwerengero ca omwalira ndi njala imeneyo. Ena amati 400,000, ena amati anafika 1,000,000. Anthu mamiliyoni analandira cakudya napulumuka, koma amene anaikidwa m'manda Okutobala asanafike palibe cithunzi cimene cikadawadzutsa.

Caciwiri, kamera inaonetsa ana oonda ndi minda youma, koma nkhondo imene inakulitsa njalayo siinaoneke bwino. Ambiri mwa oonerera anaganiza kuti bvuto lonse linali mvula. Boma la Mengistu linapezerapo mpata wosamutsa anthu pafupi-fupi 600,000 kucoka kumpoto kupita kumwera, ambiri mokakamiza, ndipo zikwi zambiri zinafera m'njira ndi m'misasa yatsopano. Madotolo a Médecins Sans Frontières a ku France atadzudzula mcitidwe umenewu, anapitikitsidwa m'dzikomo mu Disembala 1985.

Cacitatu, anthu ambiri a ku Ethiopia amadandaula kufikira lero kuti dziko lao, limene liri ndi mbiri yakale-kale ndipo linagonjetsa asirikali a Italy ku Adwa mu 1896, linasanduka dzina la njala m'maganizo a alendo. Dandaulo limeneli ndi lomveka. Koma Bambo Amin sanali wojambula masoka okha. Kampani yao inasindikiza mabuku ambiri a zithunzi zoonetsa kukongola kwa Kenya, Tanzania, Ethiopia ndi maiko ena, buku la ulendo wa Asilamu wa ku Mecca, ndiponso magazini ya Selamta yowerenga anthu okwera ndeke za Ethiopian Airlines. Anafuna kuti Africa aoneke yense, misozi yake ndi ulemerero wake womwe.

KUTAYA MKONO

Mu Meyi 1991 Mengistu anathawira ku Zimbabwe, ndipo magulu oukira boma analowa mu Addis Ababa. Bambo Amin anali komweko ndi kamera yao. Pa 4 Juni, kusanace bwino, nkhokwe yaikuru ya zipolopolo ndi mabomba inagwira moto mkati mwa mzindawo, pafupi ndi nyumba za anthu osauka. Iwo ndi anzao anapita kukajambula. Ali pafupi, nkhokweyo inaphulika kowopsa. Mnzao wogwira mau, Bambo John Mathai a ku Kenya, anafera pomwepo, ndipo mkono wamanzere wa Bambo Amin unaphwanyika. Anawanyamula pa ndeke kupita nao ku Nairobi, kumene madotolo anaudula.

Ambiri anayesa kuti nchito yao yathera pomwepo, pakuti kamera yaikuru yosenza pa phewa imafuna manja awiri. Koma iwo anapita ku America kumene akatswiri anawapangira mkono wocita kupanga, woyendera mabatire, wotha kugwira ndi kupotoza diso la kamera. Pasanapite nthawi yaitali anabwerera pa nchito. M'caka ca 1992 Mfumukazi Elizabeth ya ku Britain inawapatsa mendulo ya ulemu ya MBE.

IMFA YAO

Akulu anati tsoka silinunkha. Munthu amene anapulumuka ndende, nkhondo ndi mabomba anakafera pa ulendo wamba wa nchito. Pa 23 Novembala, 1996, Bambo Amin anakwera ndeke ya Ethiopian Airlines nambala 961 kucoka ku Addis Ababa kubwerera ku Nairobi, pamodzi ndi mnzao wolemba mabuku, Bambo Brian Tetley. Ndekeyo itangonyamuka, anyamata atatu anailanda nalamula woyendetsa, Kaputeni Leul Abate, kuti apite nao ku Australia. Kaputeniyo anawafotokozera kuti mafuta sangakwane ulendo wotere, koma iwo sanamve. Patapita maora angapo mafuta anatha, ndipo ndekeyo inagwera m'nyanja pafupi ndi gombe la cilumba ca Grande Comore, pakati pa Mozambique ndi Madagascar.

Mwa anthu 175 amene anali m'ndekemo, 125 anamwalira. Bambo Amin ndi Bambo Tetley anali pakati pa omwalirawo. Mlendo wina amene anali kupumula pa gombelo anajambula kugwa kwa ndekeyo ndi kamera yake yaing'ono, ndipo zithunzizo zinaoneka dziko lonse lapansi. Bambo Amin anamwalira ali ndi zaka 53. Anasiya mkazi ndi mwana mmodzi, Bambo Salim Amin, amene anapitiriza kampani ya Camerapix natsegula sukulu mu Nairobi yophunzitsa acinyamata a mu Africa nchito yojambula, m'dzina la atate ao. Anasiyanso nkhokwe ya zithunzi zoposa 2 miliyoni, imene ndi mboni ya zaka zoposa 30 za mbiri ya Africa.

PHUNZIRO KWA A KUM'MAWA

Anthu a cigawo ca kum'mawa safunika kuuzidwa kuti caona mnzako capita, mawa ciona iwe. M'zaka zomwezo za njala ya ku Ethiopia, nkhondo ya ku Mozambique inali kuthamangitsa anthu a ku Tete, ndipo ambiri analowa m'maboma a Chadiza, Katete ndi Petauke atasenza timitolo pamutu. Oyamba kuwalandira anali eni midzi, amene anagawana nao ufa wocepa womwe anali nao. Bvutolo litadziwika kunja, bungwe la United Nations loona za othawa nkhondo linathandizana ndi Boma kutsegula malo a Ukwimi m'boma la Petauke mu 1987, kumene anthuwo analima ndi kuphunzitsa ana ao kufikira anabwerera kwao mu 1994. Dziko la Malawi linasunga othawa nkhondo oposa 1,000,000. Acikulire akumbukiranso cilala ca 1992 ndi cimanga cacikasu cimene cinacokera kutsidya kwa nyanja.

Pa cilala ca 1992 maiko a kumwera kwa Africa anapempha cithandizo msanga, ndipo ngakhale mbeu zinapserera m'minda kucokera ku Zambia mpaka ku South Africa, sikunaoneke cigwa conga ca ku Korem. Momwemonso pa 29 Febuluwale, 2024, Mtsogoleri wa dziko lino, Bambo Hakainde Hichilema, analengeza poyera kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse, pamene maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa. Kusiyana kwa zaka zimenezi ndi caka ca 1984 ku Ethiopia sikunali pa mvula yokha. Kwina njala inanenedwa nthawi ikalipo, kwina inabisidwa kufikira wojambula anacita kuifukula.

Lero kamera iri m'thumba la mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi, namwino ndi mnyamata wa pa njinga. Mlato ukakokoloka ku Luangwa, mbozi zikagwa m'cimanga ku Vubwi, citsime cikaphwa ku Mambwe, cithunzi cingathe kufika kwa nyakwawa, kwa mfumu, kwa Bwanamkubwa wa boma ndi ku ofesi ya DMMU yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi dzuwa lisanalowe. Koma wogwira kamera ayenera kukumbukira kuti munthu wanjala akali munthu. Apemphe cilolezo asanajambule, asabvule mnzake ulemu, asaonjeze bodza pa zimene waona, ndipo atumize cithunzico kwa amene angathe kuthandiza, osati kwa ofuna kuseka.

Cithunzi sicidyedwa, ndipo Bambo Amin sanagawe thumba la ufa ndi limodzi lomwe pa cigwa ca Korem. Nchito yao inali kuima pakati pa anthu amene anali kufa mosadziwika ndi anthu amene anali ndi nkhokwe zodzaza, ndi kucititsa kuti awa aone awo. Anailipira nchito imeneyi ndi ndende ya ku Zanzibar ndi mkono wao wamanzere, ndipo ana ambiri amene anali pa mizere ya ku Korem ndi ku Mekelle mu 1984 lero ndi makolo a ana ao.